Kodi Nsomba za M'madzi Nzayani?

Kumaiko ozizira ngati Canada ndi Finland, nyanja zimaundana m'nyengo yachisanu, ndipo mabanja amaboola madzi oundanawo ndi kuponya mbedza. Ku Palabana, m'boma la Chongwe ku Zambia, chisanu cha June ndi July sichiumitsa madzi, koma funso la msodzi ndi limodzimodzi: kodi munthu ali ndi ufulu wotenga zonse zimene madzi apereka?

Akhristu ambiri amayankha ndi Genesis 1, pomwe munthu akupatsidwa ulamuliro pa nsomba. Komabe Levitiko 25 akulamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Ulamuliro wotere ndi wa kapitawo amene adzafunsidwa ndi mwini munda, ndipo apa mpomwe ambiri amaphonya.

Lamulo la Zambia limatsata maganizo omwewo. Kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February, usodzi umaletsedwa m'madzi ambiri kuti nsomba ziswane. Vuto lenileni limagwera banja losauka lomwe ndiwo zake zili mu mtsinje wa Chongwe. Njala ya lero ndi yoona, koma ukonde wa udzudzu ukagwiritsidwa ntchito pophera nsomba umakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, timene tikanadyetsa banja lomwelo chaka chamawa.