Ngongole yathu kwa mphaka

Tchimo limene ndikuulula lero ndidalichita ndili ndi zaka 11, m'chaka cha njala cha 2002, kwathu ku Lirangwe. Mphaka wa agogo adaswa ana anayi kuseri kwa nkhokwe, koma m'nkhokwemo mudalibe ndi chitsononkho chomwe. Amalume adandiitana nkundipatsa thumba la feteleza lomanga kukamwa.

"Iwe, kataye izi kumtsinje. Anthufe tikudya gaga, ndiye tiziweta amphaka asanu?"

Ndidanyamula. Thumbalo linkafunda kumsanaku, likugwedezeka. Lidali dzinja, mtsinje wa Lirangwe utadzaza. Ndidaponya nkuliyatsa liwiro osacheuka. Masiku atatu make wa anawo adazungulira nyumba akulira, kusuzumira pansi pa nkhokwe, kununkhiza m'khitchini. Usiku wachitatu agogo adangoti, "Mukumumva? Akuwerenga ana ake." Palibe adawayankha.

Lero ndimachita lendi ku Chileka, kumene ndege zimatidula nkhani pakamwa. Miyezi yapitayi mphaka wa mayi eni nyumba adaswa ana atatu, ndipo m'mawa wina ndidaona kamnyamata kataima pakhomo ndi thumba m'manja. Mtima udangoti phwii.

"Mayi, pepani, tandipatsani masabata angapo ndiwapezere kokhala."

Adaseka mpaka kugwira chitseko. "Achimwene, mwasowa chochita? Amphakatu awa, si ana a munthu."

Sadaname, si ana a munthu. Koma funso lidatsala likundidya: kodi nyama imene imatigwirira ntchito popanda malipiro tili nayo ngongole?

Tiyambe ndi mmene mphaka adafikira pakhomo. Kholo lake ndi vumbwe, mphaka wakutchire amene mpaka lero amapezeka muno mu Africa. Zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu a ku Middle East atayamba kulima ndi kusunga mbewu, makoswe adalondola mbewuzo ndipo vumbwe adalondola makoswewo. Mu 2004 akatswiri ofukula zakale adalengeza za manda a zaka pafupifupi 9,500 pachilumba cha Cyprus, mmene munthu adamuika pafupi ndi mphaka. Choncho chibale chimenechi chidabadwira pankhokwe. Lidali pangano losalemba: iwe londera chakudya changa, ine ndikupatsa pogona ndi pothawira.

Mphaka mbali yake amasunga. Akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa ukaponya chibonga uswa mkhate wako womwe. Chona yekha ndiye amamuchotsapo mkhate uli wamphumphu. Funsani wagolosale aliyense pa Lunzu za matumba a ufa ndi shuga amene makoswe amaboola, mumva.

Nanga ife mbali yathu timasunga? Poyamba timamumana chakudya, ati akakhuta achita ulesi. Limeneli ndi bodza lotonthoza nalo mtima wouma. Mphaka kusaka ndi chibadwa, amasaka ngakhale atakhuta, ndipo wanjala ndi amene amavundukula mphika wa ndiwo kapena kusamukira kwa aneba. Ndi nyama yodya nyama, mkute wokha sungamusunge. Timitu ta usipa, bonya pang'ono ndi madzi oyera m'kambale, basi mlonda wanu walipidwa.

Kachiwiri timamunamizira ufiti. Akalira usiku padenga, makamaka akakhala wakuda, miyala yayamba. Chikhalirecho iye akungofuna mwamuna kapena akulimbirana malo ndi mnzake. Maso ake amawala mumdima chifukwa kumbuyo kwa diso kuli kachiwalo kobweza kuwala, komuthandiza kuona usiku. Ndipo ndaona kuti mudzi umene wagenda mphaka lero, mawa umaloza chala gogo mwini mphakayo. Lamulo la mu 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mantha sawerenga malamulo.

Kachitatu ndi thumba lija.

Ndikudziwa zimene ena mukunena muli ndi nyuzi ino m'manja. Anthu akugona ndi njala, mankhwala m'zipatala akuvuta, ndiye wina adzaze tsamba lonse ndi amphaka? Funso limeneli sindilipeputsa, poti ndi lomwe lija la amalume. Iwo sadali munthu wankhanza. Chaka chimenecho ankadumphitsa chakudya kuti ife ana tidye. Munthu akakhala pakati pa mwana wake ndi mwana wa mphaka, asankhe mwana wake, ine sindingamuweruze.

Koma tinene zoona, ndi kangati pamene timakhaladi pamphambano yotere? Mayi eni nyumba aja sadali pa njala. Ambirife timataya ana a mphaka kaamba koti ndi njira yachidule, ndipo kuzolowera kwatigonetsa chikumbumtima. Chifundo si ufa woti ukatapako kupatsa chona ndiye kuti mwana wagona ndi njala. Amene adandiphunzitsa zimenezi ndi agogo omwe aja: iwo amene ankamva kulira kwa mphaka ndi omwenso ankagawira phala ana a eni ake m'mudzimo.

Kusamala mphaka nkudzisamalanso tokha. Nyumba yopanda mphaka imathamangira mankhwala a makoswe, aja timati tameki, poizoni woti m'nyumba ya ana okwawa ndi ngozi yodikira tsiku. Palinso chiwewe. Ambiri timati ndi matenda a agalu okha, koma mphaka naye amatenga nkupatsira munthu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kulibe. Nchifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba katemera wa chiwewe mu Blantyre, nkubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Mukamva kuti obaya katemera afika m'dera lanu, nyamulaninso mphaka. Akakulumani kapena kukukalani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Za thumba nazo zili ndi yankho limene amalume adalibe. Mphaka amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Madokotala a ziweto amafula wamwamuna ndi kutseka wamkazi kuti asaswenso. Mu Blantyre muli bungwe losamalira nyama la BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA. Kufunsa sikulipitsa.

Komabe ndikadalekera pomwepa ndikadakhala ngati wamalonda, wowerengera phindu lokha. Nanga mphaka akakalamba, mano atatha, khoswe akumudutsa pamphuno? Apa ndi pamene ngongole imaonekera. Timanyadira umunthu, koma kuchitira zabwino munthu amene angakubwezere, kapena kukusumira kwa amfumu, nkosavuta. Mphaka sangapite kubwalo. Sangalembe kalata kwa mkonzi. Chimene tingamuchite usiku, kumtsinje, palibe adzatifunse. Umunthu umene umagwira ntchito pokhapokha pali mboni, ine ndimaukayikira. Ndipo musaiwale amene timamutuma ndi thumbalo: mwana. Ine ndidaphunzira tsiku lija kuti chinthu chamoyo chikakusowetsa mtendere, umachimanga kukamwa nkuyang'ana kumbali. Zanditengera zaka zoposa 20 kuti phunziro limenelo ndilisanze.

Ana atatu aja adayamwa mpaka miyezi iwiri. Mmodzi adatengedwa ndi mayi wogulitsa ufa pamsika, wina ali pamiyendo panga pamene ndikulemba izi. Wachitatu ndidamuika m'katoni yoboola, nkukwera naye minibasi pa Kameza, kudutsa Lunzu mpaka pa Lirangwe. Amalume, imvi zili mbuu, adasuzumira m'katonimo nthawi yaitali.

"Makoswe atha chimanga muno," adatero. Kenako adakuwira mdzukulu wawo: "Iwe, tabweretsa timitu ta usipa tija. Mlendoyu wayenda ulendo."