Kodi Dzanja Lingachimwe Mutu Usakudziwa?

Mayi wina akulera ana atatu: awiri obereka yekha, wachitatu wa malemu mng'ono wake. Akamagawa ndiwo madzulo, nthuli zimagwera m'mbale za ana ake, wamasiyeyo n'kulandira fupa ndi msuzi. Mayiyu sanakhalepo pansi kukonza zomusala mwanayo. Atafunsidwa angalumbire kuti amawakonda onse chimodzimodzi, ndipo sangakhale akunama. Kodi pali tchimo pamenepa?

Daniel Kahneman, katswiri wa za maganizo amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anafotokoza kuti munthu amaganiza m'njira ziwiri: ina yothamanga, yochitika yokha, ina yodekha, yofuna khama. Zambiri za tsiku ndi tsiku zimayendera yoyambayo, ndipo nthawi zina n'zopulumutsa. Wakabaza amene angayambe walingalira kaye asanazembe galimoto sangafike kwawo.

Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anali atasiyanitsa kale zimene munthu amachita maganizo ali kwina, monga kukanda ndevu, ndi zimene amachita akudziwa ndiponso akufuna. Zachiwirizi ndiye zoyenera kuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1857, amaphunzitsanso kuti tchimo lalikulu limafuna zitatu: nkhani yaikulu, kudziwa bwino, ndi kuvomera mwadala. Kufika apa mayi uja akuoneka wopanda mlandu.

Komatu kugawa ndiwo si kukanda ndevu, pakuti pa ndevu palibe mwana wogona asanakhute. Ndipo dzanja silibadwa ndi tsankho, limachita kuphunzira. Mwina panali tsiku loyamba limene mayiyo anaona zimene akuchita, mumtima n'kuti ndi lero lokha. Mawa lake sizinamuvute kwenikweni. Patatha mwezi dzanja linkayenda lokha. Zimene lero zikuchitika osaganiza, kale zinasankhidwa poganiza.

Ngakhale tsiku loterolo litakhala kuti panalibe, ndime 1791 imakumbutsa kuti kusadziwa kwina kuli ndi mlandu, pamene munthu salabadira kufufuza choona ndi chabwino. Ambiri pofufuza mtima asanapite kukalapa amangowerenga zimene akukumbukira, pamene chizolowezi sichisiya chikumbutso. Chimadziwika ndi amene chimawagwera.

Mayiyu, tsono, mlandu wake wa dzulo ungakhale wochepa. Koma madzulo amene adzayang'ane m'mbale zitatuzo asanazipereke, sadzathanso kunena kuti sankadziwa. Mwana uja anayamba kalekale kuziyang'ana.