Kodi mwendo wa mlonda ndi ndalama zingati?

Kampani ikamasaka antchito, pansi pa malipiro imandandalika zonyengerera: nyumba, thandizo la kuchipatala, inshuwalansi ya ngozi. Chomalizachi ndicho chimandisowetsa tulo, pakuti ndi "mphatso" yomwe munthu amailandira atathyoka msana, kapena amailandira ndi mkazi wake, mwini ali kuli chete.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Bwana amapereka ndalama chaka ndi chaka ku kampani ya inshuwalansi m'dzina la antchito ake onse pamodzi. Wina akavulala kapena kufa pangozi, kampaniyo imapereka chipepeso. Ndalama za ambiri zimanyamula mmodzi, monga timachitira pamaliro: uyu kambale ka ufa, uyu mtolo wa nkhuni. Apa sindikutsutsa ayi. Tsoka silinunkha.

Vuto langa lili pa kawerengedwe. Kawirikawiri chipepeso chimatengera malipiro a munthuyo a pachaka, kuwachulukitsa kangapo. Ndiye kuti mwendo wa manijala ngodula kuposa wa mlonda, chonsecho wokumana ndi zikwanje za akuba usiku ndi mlondayo. A inshuwalansi amayankha kuti sagula mwendo, amangobwezera ndalama zomwe banja lataya. Yankho lomveka ndithu. Koma taganizani, abale anga: manijala wa mwendo umodzi abwerera pampando wake, pomwe mlonda wa mwendo umodzi ntchito yathera pomwepo. Nanga wataya zambiri ndani? Za waganyu ndiye musakambe, dzina lake nthawi zambiri silikhala n'komwe pamndandanda.

Chachiwiri, pepala la inshuwalansi likhoza kugoneka tulo chikumbumtima cha bwana. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anasakanikirana ndi a mtundu wina. Kamuzu anaimitsa kutumiza anthu ku Wenela, koma amasiye anakhalabe amasiye. Chipepeso chingachuluke bwanji, sichikadaposa munthu mmodzi woyang'anitsitsa mafutawo ndege isananyamuke. Bwana amene walipira inshuwalansi koma galimoto ya antchito ikuyendera matayala otha, sanasamale anthu ake, wangodziteteza yekha.

Malamulo athu anavomereza kale kuti nkhaniyi si yachifundo. Mu 1997 panabwera lamulo la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, mu 2000 la chipepeso cha ovulala pantchito, ndipo lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi.

Ine ndikuti inshuwalansi ya ngozi ndi ngongole. Amene amapindula ndi thukuta la mnzake asenze nawo ngozi yomwe thukutalo limabwera nayo. Choncho pakhale ndalama yoyambira yofanana kwa aliyense, manijala ndi mlonda yemwe, malipiro azingowonjezera pamwamba. Waganyu alembedwe. Ndipo wantchito auzidwe m'chilankhulo chake zomwe zili papepalalo, kuti tsiku loipa likafika, mkazi wake asamakagwade muofesi kupempha ngati thandizo chinthu chomwe ndi chake kale.