Mphamvu Imathera pa Pule

Munthu akaona kuti kagalimoto kake koyendera rimoti kayamba kutsalira pa mpikisano, amathamangira kukagula mota yatsopano. Ine ndimati ayambe wayang'ana pule, kagudumu ka mano komwe lamba amazungulirapo, chifukwa mphamvu ya batire imadonthera pamenepo mwakachetechete.

Timagalimoto tambiri ta mpikisano timazunguza matayala onse anayi ndi malamba a mano otalikirana mamilimita 3. Lamba si wopeputsa: mu 1987 Masami Hirosaka wa ku Japan adapambana mpikisano wa dziko lonse ku Romsey, ku England, ndi kagalimoto ka Schumacher CAT koyendera lamba.

Lambayo amalumikiza pule yapakati ndi ya kumatayala. Pule yapakati ya mano 20 ndi mamilimita 19 okha mulifupi mwake, pomwe ya kumatayala ya mano 38 imafika mamilimita 36. Pa yaing'onoyo lamba amapindika kwambiri, n'kuwongoka, n'kupindikanso, osapuma mphindi zisanu zonse za mpikisano. Kupindika kulikonse kumasanduka kutentha, ndipo mphamvu yomwe yatenthetsa lamba siifikanso pamsewu. Pule ikachepa, mano ogwirana ndi lamba amachepanso, choncho potuluka pakona mumangomva kha! kha! kha! lamba akulumpha. Mwini wake amamukunga kuti asiye kulumpha, osadziwa kuti katunduyo wamusenzetsa mabering'i. Woyendetsa chigayo aliyense amaidziwa nkhaniyi: lamba wolendewera amaterereka, wokungitsa amadya zitsulo.

Ena anganene kuti basi tiike mapule akuluakulu. Nawonso ali ndi mtengo wake. Pule yaikulu ndi yolemera, imachedwa kudzuka ndi kuima, ndiponso imafuna malo m'kagalimoto kamene kamayenera kukhala kogwandira pansi kuti kasagubuduke pokhota. Mukasintha pule imodzi yokha, mwasokoneza kagwirizanidwe ka 38 ndi 20, komwe kamazunguza pule yapakati ka 1.9 tayala likazungulira kamodzi, ndiye magiya nawo ayenera kusinthidwa.

Mfundo yanga ndi yakuti pule ikhale yaikulu mpaka pomwe lamba angayende womasuka osalumpha mano, osapitirira apo. Kudziwa ngati mwafikapo sikulira ndalama. Chotsani kagiya ka pamota, munyamule kagalimotoko m'mwamba, muzunguze matayala ndi dzanja, mutchere khutu. Akapitiriza kuzungulira mofewa, zili bwino. Akaima msanga ngati pali wawagwira, ndalama ya mota ija isungeni, vuto lili pa lamba ndi pule zake.