Mfundo zofunika kwa amene akuyamba kujambula magalafu pa foni ndi pa kompyuta

Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo, kaya kuchipatala cha St Francis ku Katete kaya kukiliniki ya kumudzi ku Vubwi, anagwirapo kale galafu m'manja. Pa khadi lija miyezi ya mwana imayenda chopingasa, makilo amakwera m'mwamba, ndipo namwino amaika kadontho mwezi ndi mwezi. Timadontho tikamakwera mtima umakhala m'malo, tikaima kapena kutsika mayi amadziwa yekha kuti pali vuto. Choncho mwana wasukulu asamanene kuti magalafu ndi zinthu za anthu a ku Lusaka. Chachilendo n'chakuti masiku ano kuli mapulogalamu aulere amene amajambula zimenezi m'kanthawi kochepa. Nazi mfundo zoti muziganizire musanayambe.

1. Yambani ndi chimene chili m'manja mwanu. Ambiri amadikira tsiku lomwe sukulu idzalandire makompyuta okwanira, pamene foni ili m'thumba. Pulogalamu ya GeoGebra, imene Markus Hohenwarter anaiyamba mu 2001 ali wophunzira pa yunivesite ya Salzburg ku Austria, imalowa pa foni ya Android, ndipo mukaiika kamodzi imajambula popanda intaneti. Lembani y = 2x + 3, mzere wowongoka utulukira pomwepo. Lembani y = x² − 4, muona mzere wokhota ukudutsa pa −2 ndi pa 2. Kuli inanso yotchedwa Desmos imene imachita zofanana. Bandulo ya tsiku limodzi ndi yokwanira kutsitsa, kenako foni imodzi ithandiza gulu la ana asanu pansi pa mtengo.

2. Dzanja liyambe, makina atsatire. Pamayeso a ECZ mudzajambula ndi dzanja, pogwiritsa ntchito pepala la timabokosi, pensulo ndi rula. Amene anazolowera kungolemba samu n'kulandira chithunzi, tsiku limenelo adzangoti kakasi. Njira yabwino ndi iyi: konzani tebulo la x ndi y m'kope, ikani timadontho, lumikizani, ndiyeno funsani pulogalamu ngati mwalondola. Zikasiyana musafulumire kufufuta. Fufuzani pamene mwaphonya, chifukwa kawirikawiri ndi chizindikiro chochotsera chimene chasowa, kapena mwaiwala kuti −3 kuchulukitsa ndi −3 ndi 9.

Koma pali chinthu chimodzi chimene choko ndi bolodi sizingathe, ndipo ndi chifukwa chake ndimaikonda GeoGebra. Mukalemba y = ax + b, pulogalamuyi imakupatsani kobatani kokoka kosinthira a ndi b. Mukakoka a, mzere umapendekeka mukuona. Mukakoka b, mzere wonse umakwera kapena kutsika osasintha kupendekeka kwake. Mphunzitsi angafotokoze zimenezi sabata yathunthu, ana n'kungoloweza. Mwana akakoka yekha ndi chala chake, zimalowa m'mutu n'kukhazikika.

3. Jambulani manambala a kwanu. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Zitsanzo za m'mabuku n'zabwino, koma mwana wa ku Sinda ali ndi manambala amene akumuzungulira tsiku ndi tsiku, omwe palibe akuwalemba: mtengo wa meda ya chimanga pamsika kuyambira nthawi yokolola mpaka mu Febuluwale, matumba a soya ndi mtedza amene banja lapeza chaka ndi chaka, mtengo umene mavenda apereka pakhomo poyerekeza ndi wa bungwe la boma la FRA pa thumba la makilogalamu 50, ndiponso masiku amene mvula yagwa. Aliyense amadziwa ndi pakamwa kuti chimanga chimatsika mtengo pokolola n'kukwera nthawi ya njala. Koma chimakwera ndi zingati, ndipo chimayamba mwezi uti? Banja limene lili ndi mzere wa zaka zitatu papepala limakambirana mosiyana ndi banja limene likungokumbukira, ikafika nthawi yosankha kugulitsa kapena kusunga.

Nyengo ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mukanangowonkhetsa mvula yonse ya nyengoyo n'kutulutsa nambala imodzi, simukanaona bwino chimene chinapha mbewu. Chinapha mbewu ndi masabata otsatizana opanda dontho pa nthawi imene chimanga chinkafuna madzi kwambiri. Galafu ya mvula ya tsiku ndi tsiku imaonetsa mpata umenewo poyera. Sukulu iliyonse, kaya Chassa kaya Katete Secondary kaya pulayimale ya kumalire ndi Mozambique, ingathe kuika choyezera mvula pabwalo, ana n'kumasinthana kulemba m'mawa uliwonse. Ntchito yotere imafuna LibreOffice Calc, pulogalamu yaulere ya matebulo yofanana ndi Excel: masiku m'danga loyamba, mamilimita m'lachiwiri, sankhani zonse, dinani pojambulira tchati.

4. Musanamize ndi chithunzi. Galafu imakhulupiriridwa msanga kuposa mawu, ndipo n'chifukwa chake wojambula ayenera kukhala ndi chikumbumtima. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi inakolola matumba 40 chaka chatha ndi 44 chaka chino. Mukayambira mzere woimirira pa 0, mizati iwiriyo isiyana pang'ono, monga zililidi. Mukayambira pa 38, mzati wachiwiri uoneka wautali katatu kuposa woyamba, ndipo anthu pamsonkhano aomba m'manja pa zinthu zomwe sizinachitike. Mapulogalamu ena amasankha okha poyambira, choncho yang'anani musanasindikize. Palinso bodza lina losaoneka. Tsiku limene mwaiwala kuyeza mvula lisiyeni lopanda kanthu, musalembe 0, pakuti 0 akutanthauza kuti munayeza ndipo simunapeze madzi. Nambala imene yakukhumudwitsani musaichotse chifukwa yaipitsa mzere. Mwina ndi imene ili ndi nkhani yeniyeni.

5. Lembani dzina pa mzere uliwonse. Makilogalamu kapena matumba? Makwacha a Zambia kapena a Malawi? Kwa anthu a ku Vubwi amene amagula ndi kugulitsa mbali zonse za malire, funso limeneli si laling'ono. Galafu yopanda mayina ndi miyezo imangomveka kwa mwini wake, ndipo naye pakatha miyezi iwiri amaiwala.

6. Zaulere zili ndi eni ake, ndipo zimasiyana. Pulogalamu ya gnuplot inayambidwa mu 1986 ndi Thomas Williams ndi Colin Kelley, ndipo mpaka lero anthu odzipereka akuikonzabe. Ilibe mabatani okongola. Mumalemba plot sin(x) ndipo imajambula, komanso imayenda bwino pa kompyuta yakale imene ena anaitaya kale mtima. John Hunter anayamba matplotlib mu 2003, yojambulira magalafu m'chinenero cha kompyuta cha Python, ndipo asayansi ambiri padziko amaigwiritsa ntchito. LibreOffice mungaikope pa fulashi n'kugawira sukulu khumi popanda kuphwanya lamulo. GeoGebra ndi yaulere pophunzira ndi pophunzitsa, koma wofuna kuchita nayo malonda ayenera kuwerenga kaye malamulo ake. Zimandipweteka kuona makompyuta a sukulu atadzaza mavairasi chifukwa cha mapulogalamu obedwa, pamene ena abwino akuperekedwa mwaulere ndi eni ake. Munalandira kwaulere, ndiye amene wakupemphani kuti mumuonetse musamulipiritse, ndiponso musabise.

7. Chithunzi chikufunseni funso, musathamangire yankho. Mu 1854 kolera itabuka ku Soho mumzinda wa London, dokotala John Snow anaika pa mapu nyumba za anthu amene anamwalira, ndipo zinaoneka kuti zaunjikana mozungulira mpope wa madzi wa mumsewu wa Broad Street. Sanadalire mapu okha. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene anthu ankatunga madzi. Ife kolera timaidziwa: inabuka ku Vubwi kumayambiriro kwa 2023, ndipo mu Januwale 2024 sukulu m'dziko lonse zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Wothandiza pakiliniki amene amajambula chiwerengero cha odwala m'mimba sabata ndi sabata, mudzi ndi mudzi, angaone kukwera kusanafike poipa. Komabe mizere iwiri ikakwera pamodzi sizitanthauza kuti wina wayambitsa mnzake. Malungo ndi mtengo wa ufa zonse zimakwera m'dzinja, koma ufa sudzetsa malungo. Nyengo ndi imene ili kumbuyo kwa zonsezo. Ndipo pojambula za odwala, mayina a anthu asatuluke m'kaundula.

8. Sungani ntchito yanu pafupipafupi, chifukwa magetsi sapangana ndi munthu. Manambala oyambirira akhalenso m'kope, olembedwa ndi bolopeni, kuti foni ikatayika kapena kompyuta ikafa zaka zanu zisapite nazo.

Aphunzitsi a masamu ndi a sayansi m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, musadikire kuti kubwere maphunziro apadera ochokera kuunduna. Sabata ino ikani GeoGebra pa foni yanu, muuze ana afunse mtengo wa meda ya chimanga pamsika Loweruka lililonse mpaka teremu ithe, ndipo tsiku lotsekera mujambule nawo limodzi n'kukhoma pepalalo pakhomo la kalasi kuti makolo adzaone.