Nambala ndi chovala chake

Mdzukulu wanga, dzulo ndinakumva ukuuza mng'ono wako kuti nambala iliyonse yothera ndi 2 imagawika pawiri popanda chotsala. Sunaname, koma unayankhula ngati lamulolo linagwa kuchokera kumwamba. Tapa nyemba m'mbalemo, ubwere tikhale pamphasa.

Ife tisanapondeko pasukulu tinkawerenga ndi dzanja: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kenako zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Chinenero chathu chimayamba chapumira pa zisanu chisanafike pa khumi. Tiyerekeze kuti tatsatira dzanjalo mpaka kumapeto: nyemba zisanu ndi mulu umodzi, milu isanu ndi dengu limodzi la nyemba 25. Polemba tingofunika 0, 1, 2, 3 ndi 4 basi. Aphunzitsi a masamu amati base 5.

Werenga nyemba zisanu ndi ziwiri. Mulu umodzi, zapadera ziwiri, ndiye tilemba 12. Yathera ndi 2, si choncho? Gawira anthu awiri. Zitatu zitatu, imodzi yatsala! Onjezera nyemba imodzi, zikhale zisanu ndi zitatu. Tilemba 13, yothera ndi 3, koma anthu awiri atenga zinayi zinayi popanda mkangano.

Usakande mutu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulu wa khumi umagawika pawiri bwinobwino, n'chifukwa chake kusukulu mumangoyang'ana kumapeto kwa nambala. Mulu wa zisanu ukaugawa pawiri umasiya nyemba imodzi, dengu la 25 nalonso limasiya imodzi. Choncho sonkhanitsa zotsalazo pamodzi ndi zapadera zija. Pa 12, 1 ndi 2 zipanga 3, yosagawika. Pa 13, 1 ndi 3 zipanga 4, yogawika.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pogawira anthu anayi, pakuti 5 ndi 25 ukazigawa panayi zimasiya imodzi imodzi. Milu itatu ndi nyemba imodzi, 31, ndi nyemba 16. Phatikiza 3 ndi 1 upeza 4, ndipo anthu anayi atengadi zinayi zinayi. Kanjira kaja kamene umanyadira, kophatikiza zizindikiro kuti udziwe ngati nambala igawika ndi 9, gwero lake ndi lomweli: 10 ndi 100 ukazigawa ndi 9 zimasiya imodzi. Ambiri amangokaloweza, ndipo ndimawamvera chisoni, chifukwa ukawasinthira mulu amasokonezeka ngati nkhuku yachilendo.

Ine zimenezi sindinaziphunzire m'buku lokha. Kwacha isanabwere mu 1971, mapeni 12 ankapanga shilingi, mashilingi 20 n'kupanga paundi. Shilingi tinkaigawana anthu atatu, mapeni anayi anayi. Matambala khumi amene analowa m'malo mwake sagawika patatu. Wotchi yakoyo nayonso imayendera 60, mawerengedwe ochokera kwa Ababulo akale.

Ndiye ukamva lamulo la masamu, uzifunsa ngati likunena za nyemba zenizenizo kapena za chovala chimene taziveka. Nyemba zisanu ndi ziwiri sizigawika pawiri kapena patatu, uzilembe 7 kapena 12.

Tsopano ntchito yako nayi. M'mawerengedwe a dzanja, zaka zanga ndi 303. Undiuze ngati zigawika pawiri ndi panayi usanazisandutse za kusukulu, kenako unene ndili ndi zaka zingati. Nyembazo ubwezere agogo ako aakazi, ndi ndiwo za mawa.