Linga la Nehemiya ndi Mipanda Yathu

Mawu: Nehemiya 3 ndi 5



Tikamachokera ku mapemphero dzuwa litapendeka, aliyense chikwama atachipanira m'khwapa, timakonda kufunsana kuti: kodi m'malokeshoni mwathu muno, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani, ku Zingwangwa, mtendere ukuchuluka kapena ukuchepa?

Ambiri timayankha msanga kuti kale kunali bwino. Timakumbukira kuti zovala zinkagona pachingwe ndi mbale pathandala, m'mawa n'kuzipeza zili momwemo. Izi n'zoona ndithu. Koma mzinda unali waung'ono. Pa kalembera wa 1966, mu Blantyre munali anthu opitirira pang'ono 100,000, pamene pa kalembera wa 2018 anapezeka pafupifupi 800,000. Masiku amenewo mlendo akalowa m'dera ankadziwika tsiku lomwelo.

Komanso tisakometse zakale mopitirira. Achikulire pakati pathu sanaiwale za ku Chilobwe, pamene pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda uno. Sanaiwalenso kuti mayi ankatha kubwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani. Bata lina la nthawi imeneyo linali la mantha. Asilikali atalanda zida apayoniya mu Disembala 1993, ndipo dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri, mantha amenewo anachepa. Koma m'zaka zomwezo mfuti zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique zinafalikira, ndipo mbava zinayamba kuthyola nyumba mopanda mantha.

Ife tinatani? Amene anali ndi ndalama anamanga mipanda ya njerwa n'kuikapo mabotolo osweka pamwamba. Ena tinaika zitsulo m'mawindo ndi maloko awiriawiri pachitseko. Palibe amene angatidzudzule, pakuti tinkateteza ana athu. Koma pali chinthu china chimene tinachitsekera kunja pamodzi ndi akubawo.

Posachedwapa tinapita kukapepesa mayi mnzathu wamasiye amene akuba anamuthyolera nyumba pakati pa usiku. Anamutengera makina osokera, amene ankapezera fizi ya ana. Atatha kufotokoza, anati chimene chikumupweteka kwambiri si makinawo. Anakuwa mpaka mawu kusasa, m'nyumba zoyandikana anthu anamva, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatuluka kapena kumenya chitini. Kutacha onse anabwera kudzanena kuti, "Pepani, tinamva ndithu." Amayi, tisabise, ena mwa amene anamvawo ndife amene, ovala yunifomu.

Choncho yankho la funso lija n'lakuti zina zakonzeka, zina zaonongeka. Lero tili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, kumene mayi angathe kukadandaula. M'madera ambiri muli magulu achitetezo ogwira ntchito ndi apolisi, ndipo foni ili m'manja mwa anthu ambiri. Agogo athu analibe zimenezi. Koma kudziwana kwachepa, ndipo pamene anthu sadziwana mphekesera imathamanga kuposa choonadi. Mu 2017, mbiri ya anamapopa itabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu olusa popanda mlandu kuweruzidwa, ena mu Blantyre momwemuno.

Apa m'pamene Nehemiya akutiphunzitsa. Iye anapeza Yerusalemu ali pambalambanda, linga litagwa ndi zipata zitapsa. Sanauze aliyense kuti atchinge nyumba yake. Linga linali limodzi lozungulira onse, olemera ndi osauka, koma ntchito anagawana. Mutu 3 ukutiuza kuti ambiri anakonza gawo loyang'anana ndi nyumba zawo, ndipo pa ndime 12 tikupeza Salumu akumanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Akazi sanangokhala ophika nsima ya amisiri, anagwira nawo miyala. Ntchito yonse inatha m'masiku 52.

Koma tisathamangire kumapeto tisanawerenge mutu 5. Linga lili mkati momangidwa, kunabuka kulira kwakukulu kwa anthu ndi akazi awo. Adani anali kunja, koma olirawo ankalizidwa ndi abale awo omwe. Kunali njala. Ena anapinyolitsa minda kuti apeze chakudya, ena ana awo anatengedwa ukapolo chifukwa cha ngongole. Nehemiya sananene kuti nkhaniyi idikire. Anaitanitsa msonkhano, anadzudzula akuluakulu, ndipo iwo analonjeza kubweza zimene analanda. Anadziwa kuti mzinda umene anthu ake akudyerana masuku pamutu, ngakhale linga litalike bwanji, sungakhale pa mtendere.

Nanga kwathu kuno? Mnyamata amene amatsomphola mafoni pasiteji sanagwe kuchokera kumwamba. Ali ndi mayi wake, mwinanso timakhala naye benchi limodzi m'tchalitchi. Mwina anasiya sukulu chifukwa cha fizi ife tikuona. Ena mwa ife timakongoza ndalama za katapila kwa amayi anzathu mpaka kuwalanda mbaula ndi mapoto. Ena timamva mkazi wa mnyumba yoyandikana akumenyedwa usiku uliwonse, n'kumati ndi za m'banja. Kwa mayi ameneyo, malo oopsa kwambiri m'lokeshoni monse ndi kuchipinda kwake.

Tiyeni tsono tikonze gawo loyang'anana ndi khomo lathu. Mwezi uno aliyense adziwe maina a mabanja asanu omuzungulira, kuphatikizapo a lendi amene angobwera kumene, ndipo mupatsane manambala a foni. Mugwirizane chizindikiro, kaya wezulo kaya chitini, kuti mmodzi akaliza onse ayankhe. Sitikunena kuti mayi atuluke yekha kukalimbana ndi anthu a zikwanje, koma phokoso la nyumba khumi limathamangitsa wakuba. Wakuba akagwidwa, ife tikhale oyamba kuletsa tayala ndi petulo, n'kumupereka kupolisi. Tikamva mkazi kapena mwana akuzunzidwa, tipite awiri kapena atatu, ndipo ngati kuli kofunika timuperekeze kukadandaula. Pa msonkhano wa nthambi tifunsanenso: ndi mwana uti m'dera lathu amene wasiya sukulu, ndipo tingamuthandize bwanji? Paja akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Tipemphere: Mulungu Atate, mlonda wathu usana ndi usiku, tikhululukireni pamene tinamva kulira kwa mnzathu ife n'kukhala chete. Tipatseni mtima wa ana aakazi a Salumu, kuti m'madera mwathu ana ayende mosaopa ndi amasiye agone tulo. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.